MBIRI YA NYUMBA ZOMANGIRANA: KUCHOKERA KU KOINONIA KUFIKIRA KU EKWENDENI

Mau Oyamba

Pa masiku a chikondwerero monga ano, pamene akulu akhala pansi ndi kufotokozera ana njira imene makolo anadzera, nkoyenera kuti tikumbukirenso nchito zina zimene zinayambira kutali, koma zipatso zache zinafika pa makomo athu. Imodzi mwa izo ndiyo nchito ya kuthandiza mabanja osauka a m'midzi kuti akhale ndi nyumba zolimba. Mabungwe ochita nchito yotere ali ambiri lero. Koma ife tasankha kulongosola mbiri ya limodzi, la Habitat for Humanity, popeza chaka cha 2026 ndicho cha 50 chibadwire bungwelo, ndiponso popeza njira yache inakhwimira kuno ku Afrika bungwelo lisanakhale ndi dzina.

Nyumba ya makolo tonse tiidziwa: nsichi, mbariro zomanga ndi luzi, dothi lomata, pansi pozira, ndi denga la udzu. Sitiinyoza ai, pakuti ambiri a ife tinabadwira momwemo, ndipo m'mwezi wa Okutobala palibe nyumba ina yozizira bwino koposa iyo. Komatu nyumba yotere ifuna manja chaka ndi chaka. Udzu ufuna womweta ndi wofolera, chipupa chifuna womata, ndipo chiswe sichigona. Pa khomo pamene pali bambo wamphamvu ndi anyamata, zonsezi zichitika pa nyengo yache. Koma pa khomo la mai wamasiye, kapena la nkhalamba yolera adzukulu, dzinja lifika denga liri lomwe lija la chaka chatha. Ndipo usiku wa mvula mai auka, nasuntha mphasa ya ana uku ndi uku kufuna pouma, kufikira tambala alira. M'mawa mwache ana ali ndi chifuwa, ufa wanyowa, ndi mabuku a sukulu aonongeka.

Tsono funso limene anthu a m'mbiri iyi analimbana nalo ndi ili: banja lotere lingapeze bwanji nyumba yolimba popanda kulisandutsa banja lopemphapempha?

I. Munda wa Koinonia

M'chaka cha 1942 mabanja awiri, la Clarence ndi Florence Jordan, ndi la Martin ndi Mabel England, anagula munda wa maekala 440 pafupi ndi mzinda waung'ono wa Americus, m'chigawo cha Georgia, kumwera kwa dziko la United States. Bambo Jordan anaphunzira zaulimi, naphunziranso Chigriki cha Chipangano Chatsopano kufikira anakhala katswiri wache. A England anali atagwira nchito ya mishoni ku Burma. Munda wao anautcha Koinonia, ndiwo mau a Chigriki onena chiyanjano cha anthu ogawana zimene ali nazo.

Owerenga ena adzazizwa kumva kuti m'dziko lolemera chotero munali anthu osowa nyumba. Koma m'midzi ya ku Georgia alimi ambiri, makamaka akuda, zidzukulu za akapolo, analibe malo aoao. Anali kulima thonje ndi mtedza m'minda ya eni, nagawana nao zokolola, nakhala m'zisakasa za matabwa za mwini munda, zopanda madzi, zopanda chimbudzi chabwino, zolowa mphepo m'nyengo ya chisanu. Iwo amene anamva kwa agogo ao za masiku a thangata m'minda ya Azungu ya ku Thyolo ndi ku Chiradzulu adzazindikira msanga chifukwa chache: munthu wokhala pa malo a mwini sakonza nyumba, pakuti sadziwa tsiku limene adzampitikitsa.

Anthu a ku Koinonia analipira anchito akuda ndi oyera malipiro amodzimodzi, nadya nao pa gome limodzi, chinthu chimene mwambo wa tsankho wa kumeneko unaletsa kolimba. Chifukwa cha ichi anachotsedwa mu mpingo wao m'chaka cha 1950. Ndipo m'zaka za 1956 ndi 1957 adani anaphulitsa sitolo yao ya m'mbali mwa mseu, naombera mfuti nyumba zao usiku, ndi amalonda a m'mzinda anapangana kuti asagule kanthu kwa iwo kapena kuwagulitsa kanthu. Ambiri anachoka. Otsalawo anadzisunga ndi malonda a mtedza wa m'mitengo wotchedwa pecan, umene anautumiza pa positi kwa abwenzi akutali.

II. Mwini Chuma Amene Anagawa Chuma Chache

Ku munda umenewu kunafika mlendo m'mwezi wa Disembala, 1965, dzina lache Millard Fuller, wobadwira ku Alabama m'chaka cha 1935. Iye anaphunzira zamalamulo, nachita malonda a mabuku ndi zinthu zina zotumiza pa positi, ndipo ali ndi zaka 29 chuma chache chinakwana madola miliyoni. Koma ukwati wache unali pafupi kutha, popeza mwamuna anali kusamala nchito ya ndalama usana ndi usiku, osaoneka pa nyumba. Mkazi wache, Linda, anachoka kumka ku New York kukalingalira za chochita. Atayanjananso, awiriwo anapangana kugulitsa zimene anali nazo ndi kugawa ndalamazo ku nchito zachifundo. Ku Koinonia anapatukirako kudzaona mnzao kwa maora owerengeka. Koma atamva kulankhula kwa Bambo Jordan anakhalako mwezi wathunthu, ndipo m'chaka cha 1968 anabweranso kudzakhala.

III. Thumba la Anthu Onse

Bambo Jordan ndi Bambo Fuller anasinkhasinkha pamodzi za anansi ao a m'zisakasa. Anaona kuti anthuwo anali ndi mphamvu ndi nzeru ya nchito. Chimene anasowa ndicho ndalama yoyambira, pakuti banki sikongoza munthu wopanda chikole, ndipo wakatapila akongoza kuti ameze zonse. Anaonanso kuti mphatso yongopatsa itha msanga, nichititsa manyazi woilandira. Chotero m'chaka cha 1968 anakhazika thumba limene analitcha Fund for Humanity, ndiko kunena thumba la anthu onse. Ndipo malamulo ache anali awa.

Loyamba: ndalama za m'thumba zichokere ku zopereka za aufulu ndi ku ngongole zopanda chiongoladzanja. Lachiwiri: nyumba ikhale yaing'ono ndi yolimba, ndipo igulitsidwe pa mtengo wa zomangira zache, popanda phindu. Lachitatu: wogula abweze pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kwa zaka 20, popanda chiongoladzanja, lamulo ili analitenga m'buku la Eksodo, mutu 22, pamene paletsedwa kukongoza wosauka mwa katapila. Lachinai: ndalama zobwezedwa zilowenso m'thumba kuti zimangire banja lina. Pa malamulo awa panaonjezeka lina limene linakhala chizindikiro cha nchito yonse, lakuti mwini nyumba agwire nchito ndi manja ache pa nyumba yache ndi pa nyumba za anzache. Makolo athu anati kupatsa nkuika. Ndipo thumba ili linali lotero ndithu, pakuti ndalama imodzi inamanga nyumba, nibwerera, nimanganso yina.

Pa munda wa Koinonia anapima malo a nyumba 42, a theka la ekala amodzi amodzi. Nyumba yoyamba inatha m'chaka cha 1969, koma Bambo Jordan sanaione itatha: anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 29 Okutobala chaka chomwecho, ali ndi zaka 57, m'kanyumba kache kolemberamo, naikidwa m'bokosi wamba la matabwa pa munda pomwepo. Nchito inapitirira, ndipo pofika 1992 nyumba zomangidwa ndi anthu a ku Koinonia zinakwana 194.

IV. Ku Mbandaka ndi ku Ntondo

Kunatsala funso lalikulu. Ku Georgia kunali miseu, masitolo a zomangira, ndi nchito za malipiro. Kodi njira yomweyo ikatha kugwira nchito m'dziko losauka, kumene thumba la simenti liyenda masiku ambiri pa madzi? Kuti aone ichi, a Fuller ndi ana ao anai anasamukira ku Zaire m'chaka cha 1973, dziko limene lero litchedwa Democratic Republic of the Congo, otumidwa ndi mpingo wa Disciples of Christ, umene unali ndi mishoni ku Bolenge chiyambire 1899. Anakhala ku Mbandaka, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Congo, umene m'masiku a Abelgiamu unatchedwa Coquilhatville.

Pakati pa mzindawo panali malo a thengo amene atsamunda anawasiya dala opanda nyumba, kuti alekanitse kokhala Azungu ndi kokhala eni dziko. Anthu anatcha malowo Bokotola, ndiko kunena munthu wosasamala anzache. Pamenepo ndipo akulu a mpingo ndi Bambo Fuller anapempha kwa boma, napimapo malo a nyumba zoposa 100. Mpingo unali ndi nchito youmba njerwa za simenti imene inali itafooka. Anaiutsa, namanga nazo nyumba za pansi pa simenti ndi madenga a malata. Ofuna nyumba anachuluka koposa nyumbazo, kotero kuti kusankha mabanja kunakhala nchito yolemetsa, imene anaipereka kwa komiti ya eni mzinda. Pambuyo pache dzina la malowo linasinthidwa, natchedwa Losanganya, ndiko kunena woyanjanitsa.

Mbiri ya nyumbazi inamveka kufikira ku Ntondo, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Tumba, kumwera kwa Mbandaka. Mwana wa m'mudzimo, munthu wophunzira, dzina lache Mompongo Mo Imana, anauza anthu a kwao zimene anaona, ndipo mudzi unapangana kumanga mwa njira yomweyo, banja ndi banja, kufikira onse atakhala nazo. Apa tiyenera kuima pang'ono, pakuti ku Ntondo mlendo sanatsogolere. Eni mudzi ndiwo anaitana nchito, nasenza mchenga ndi miyala, nasunga kaundula wa ngongole. Abwenzi akutali anathandiza ndi ndalama yogulira zimene mudzi sukatha kupanga wokha, monga simenti, malata ndi misomali. Kugawana nchito kotere ndiko kunakhala chitsanzo cha midzi yambiri ya ku Afrika m'zaka zotsatira.

V. Bungwe Libadwa ndi Kufalikira

A Fuller anabwerera kwao m'chaka cha 1976. M'mwezi wa Seputembala anthu 27 anasonkhana ku Koinonia, napangana kuyambitsa bungwe lofikitsa njirayi ku maiko onse. Analitcha Habitat for Humanity, ndiko kunena pokhala pa anthu. Anabvomerezana kuti posankha mabanja asayang'ane mtundu kapena chipembedzo, koma zitatu zokha: kusowa kwa banjalo, kufuna kwache kugwira nchito pamodzi ndi ena, ndi kutha kwache kubweza ngongole.

Chaka chomwecho dziko la Guatemala, ku Central America, linaonetsa anthu onse kuti nyumba yosalimba ipha. Pa 4 Febuluwale, 1976, usiku anthu ali m'tulo, kunachita chibvomezi chachikulu, ndipo anafa anthu monga 23,000. Ambiri a iwo anali osauka ogona m'nyumba za zidina zofolera ndi matailosi olemera. Zipupa zinagwa, madenga nawapsinja. Chifukwa chache, pamene Habitat inayamba nchito kumeneko m'chaka cha 1979, ku Aguacatán, m'dziko la mapiri, nyumba zache zinakhala za njerwa za simenti zolimbitsa ndi zitsulo m'kati, ndi denga lopepuka. M'maiko a kumeneko mulinso kachirombo koyamwa magazi usiku, kobisala m'ming'alu ya zipupa za dothi ndi m'madenga a udzu, kamene kafalitsa nthenda ya Chagas yoononga mtima. Chipupa chosalala chikachotsera pobisala. Potero tiona kuti dziko liri lonse liri ndi mdani wachewache wa nyumba, ndipo mmisiri wanzeru ayamba wafunsa eni dziko za mdaniyo asanakumbe maziko.

Kuno ku Afrika nchito inafika ku Uganda ndi ku Kenya m'chaka cha 1982. Ku Zambia m'chaka cha 1984, poyamba pakati pa asodzi a pa chilumba cha Kabuyu, m'dera la Kafue. Ndi ku Malawi m'chaka cha 1986. Dzina la bungwe linamveka pa dziko lonse chifukwa cha Jimmy Carter, amene anali mtsogoleri wa United States kuyambira 1977 kufikira 1981, ndipo kwao ku Plains kunali kufupi ndi Koinonia. Kuyambira 1984 iye ndi mkazi wache Rosalynn anapatula sabata limodzi pa chaka kukagwira nchito ya ukalipentala pa nyumba za osauka, nachita chotero kufikira 2019. M'chaka cha 2002 anatsogolera kumanga nyumba 100 ku Durban. Anthu poona mkulu wotere atagwira hamala anachita manyazi kukhala manja lende. Nyumba ya 100,000 ya bungwe inamangidwa m'chaka cha 2000, ndi ya 200,000 m'chaka cha 2005.

VI. Umboni wa ku Ekwendeni

Wina angafunse kuti: Kodi nyumba yabwino ichita chiani koposa kukondweretsa maso? Yankho lina lomveka linachokera m'dziko la Malawi lino, ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, kumene kuli mishoni chiyambire 1889. M'midzi yozungulira kumeneko Habitat inamanga nyumba za njerwa zootcha, za maziko a simenti, za denga la matailosi, iri yonse ndi chimbudzi chache chokumba. Mtengo wa nyumba imodzi unali monga madola 550, obweza m'zaka 10 popanda chiongoladzanja. Ndipo banja linagwira nao nchito yomanga.

Akatswiri a zaumoyo anayendera midzi imeneyo, nafufuza za ana 318 osafika zaka 5, ena okhala m'nyumba zatsopanozo, ena okhala m'nyumba za makolo m'midzi yomweyo. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 2001 m'nyuzi ya madotolo ya British Medical Journal. Atawerengera kusiyana kwina kwa mabanjawo, monga kwa madzi akumwa ndi maphunziro a makolo, anapeza kuti kwa ana a m'nyumba zatsopano chiopsezo cha kudwala chifuwa, kutsegula m'mimba kapena malungo chinali chochepa ndi magawo 44 mwa magawo 100.

Chifukwa chache sichibvuta kuchizindikira. Udzudzu wa malungo uluma usiku, anthu ali m'nyumba, ndipo khomo lache lalikulu ndilo mpata uja wotsala pakati pa chipupa ndi denga. Wotseka mpatawo ndi kuika sefa pa mazenera wachepetsa adani olowa. Pansi pa dothi pasunga chinyontho, utitiri, matekenya ndi mazira a njoka za m'mimba, ndipo mwana wokwawa aika m'kamwa chiri chonse chimene dzanja lache lagwira. Chimbudzi chichotsa zonyansa pa bwalo pamene ana asewera. Umboni wina unachokera ku Mexico, m'chigawo cha Coahuila, kumene boma kuyambira 2000 linathira simenti pansi pa nyumba za osauka, eni nyumba nagwira nchito yosalaza. Kafukufuku wosindikizidwa m'chaka cha 2009 anaonetsa kuti m'nyumba zothiridwa simenti ponse, kutsegula m'mimba kwa ana kunachepa pafupifupi ndi theka. Chotero nyumba yabwino igwira gawo la nchito ya chipatala mwana asanadwale.

VII. Zobvuta Zimene Zinaoneka

Mbiri yonena zokoma zokha sithandiza obwera m'mbuyo. Chifukwa chache tilembenso zobvuta.

Choyamba ndicho kugwa kwa ndalama. Ngongole yopanda chiongoladzanja ikhala bwino pamene ndalama ya dziko iri yokhazikika. Koma ku Zaire, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndalama inasanduka ngati masamba. Ndipo kuno kwacha inagwa kwambiri kuyambira 1994. Banja likabweza mokhulupirika ndalama zonse zimene linalonjeza, ndalamazo sizikatha kugula ngakhale theka la zomangira za nyumba yina, ndipo thumba linali kuphwa. M'maiko ena anayesa kuwerenga ngongole ndi matumba a simenti, kuti wobweza apereke mtengo wa simenti wa tsiku limenelo. Thumba linapulumuka, koma katundu anagwera mlimi, pakuti mtengo wa simenti ukwera msanga koposa mtengo wa chimanga chache.

Chachiwiri ndicho chakuti osaukitsitsa anatsala kunja. Lamulo lakuti banja likhale lotha kubweza linasunga thumba, komanso linatseka khomo pa mai wamasiye uja tinamtchula poyamba. Nthenda ya Edzi itachulukitsa ana amasiye, bvuto ili silinathe kubisika. Chotero ku Malawi, ku Zambia ndi kwina bungwe linayamba kumangira ana amasiye ndi anthu olumala nyumba zosabweza ngongole, pempho liri lakuti mudzi uthandize ndi manja. Kwa mabanja a mphamvu pang'ono linayamba kukongoza ndalama zochepa za gawo limodzi la nyumba: chaka chino malata, chaka china simenti ya pansi, china zitseko ndi mazenera, pakuti ndimo anthu a m'midzi amangira chikhalire.

Chachitatu ndicho malo. Nyumba ya udzu sichititsa kaduka, koma ya malata ichititsa. Kunaoneka kawirikawiri kuti bambo atamwalira, abale anadza kudzalanda nyumba, mai ndi ana nabwerera ku chisakasa. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la 2011 liletsa kulanda kotere, niliyesa mlandu wolangidwa nao. Koma lamulo lithandiza amene alidziwa. Chifukwa chache omanga anaphunzira kuti njerwa isanaikidwe, mfumu ndi eni mbumba abvomereze poyera kuti malowo ndi a yani, ndi kuti makolo aphunzitsidwe kulemba wilo.

Chachinai ndicho mitengo ndi madzi. Uvuni wa njerwa umeza nkhuni zambiri, ndipo mapiri ometedwa sagwira mvula. Nchifukwa chache omanga ambiri atembenukira ku njerwa za simenti ndi za dothi losakaniza ndi simenti, zosafuna moto. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala ku chigawo cha kumwera, anatiphunzitsa ndi misozi kuti nyumba, ingakhale ya simenti, siima m'njira ya madzi kapena m'tsinde mwa phiri logumuka. Kusankha malo okwera, kukweza maziko, kutalikitsa khonde kuti mvula isamenye chipupa, ndi kumangirira denga kolimba ku chipupa, zonsezi ziri mbali ya kulimba kwa nyumba.

Chachisanu chinali m'bungwe momwemo. Panabuka mlandu ndi kusamvana pakati pa Bambo Fuller ndi akulu oyang'anira, ndipo m'chaka cha 2005 anamchotsa pa udindo, iye ndi mkazi wache. Iwo anayambitsa bungwe lina, la Fuller Center for Housing, chaka chomwecho. Bambo Fuller anamwalira pa 3 Febuluwale, 2009, naikidwa ku Koinonia, pa munda pamene pagona mphunzitsi wache. Nchito sinaime, popeza inali itakhala kale m'manja mwa makomiti ambirimbiri a m'midzi ndi m'mizinda.

Mau Otsiriza

Kafukufuku wosindikizidwa m'chaka cha 2019 anapeza kuti m'maiko a Afrika a kumwera kwa chipululu cha Sahara, nyumba zolimba, zosathinana, zokhala ndi madzi abwino ndi chimbudzi chabwino, zinali 11 mwa 100 m'chaka cha 2000, ndipo pofika 2015 zinali 23 mwa 100. Kukwera kumeneku nkokondweretsa, koma kutionetsanso kuti m'chaka chimenecho mabanja atatu mwa anai anali asanafikepo. Palibe bungwe lachifundo limene lingamangire onsewo. Nyumba zambiri za m'midzi yathu zimangidwa ndi eni okha, ndi ndalama za fodya, za mtedza, kapena zotumizidwa ndi mwana wa ku Johannesburg. Chimene anthu a m'mbiri iyi anatisiyira koposa nyumba zao ndicho njira: kuti wosauka ayesedwe mnzathu wa pa nchito, kuti thandizo ligule zimene mudzi sungathe kupanga, ndi kuti chobwezedwa chimangire wina.

Njira imeneyi siri yachilendo kwa ife. Makolo athu anali ndi dima, pamene mudzi wonse unalima munda wa mmodzi lero, ndi wa mnzache mawa. Ndipo iwo ndiwo anatiuza kuti mutu umodzi susenza denga. Tsono inu mafumu, inu akulu, amai ndi anyamata owerenga mau awa, musadikire galimoto ya alendo. Amene munalandira nyumba ya ngongole, bwezani, pakuti m'ndalama zanuzo muli denga la mnansi wanu. Amene muli ndi nyumba kale, tsekani mpata wa pansi pa denga, kumbani chimbudzi, ndipo lembani za mwini nyumba mukali ndi moyo. Ndipo m'mwezi wa Seputembala, udzu utauma, mvula isanagwe, yendani m'mudzi mwanu khomo ndi khomo, muwerenge madenga a amasiye ndi a nkhalamba amene sadzapirira dzinja likudzalo, ndi kupangana tsiku loyamba kufolera.